Gitala ya Magetsi: Za Kusankha Liwu Lake



Nkhani yathu ya lero yachokera m'kalata. Mnyamata wina wogwira ntchito ku Kitwe watilembera kuti wakhala alikusunga ndalama zaka ziwiri, kudzimana zambiri, kuti agule gitala ya magetsi pamodzi ndi ampulifaya yake. Iye aimba ndi anzake anayi pa maukwati ndi pa madansi ang'onoang'ono, ndipo mtima wake uli pa liwu lija loyera la magitala a rumba. Koma mnzake wina wamuuza kuti woimba weniweni agula gitala yolemera ya ma pickup onenepa ndi ampulifaya ya 100 watts, pakuti zotsalazo n'zoseweretsa ana. Tsono afunsa kuti achite chiyani. Wachita bwino kufunsa ndalama zikali m'thumba, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Tiyesa kumyankha, ndipo poyankha iye tiyankhanso ena ambiri amene ali ndi funso lomwelo.

Poyamba tidziwe ichi. Gitala wamba, yonga ija ankaimba a Alick Nkhata pa wailesi ya ku Lusaka zaka za m'ma 1950, ilira ndi mimba yake: nsambo igwedeza thabwa, thabwa ligwedeza mpweya, ndipo khutu limva. Koma gitala ya magetsi ya thabwa logwirana ilibe mimba, ndipo mukaikodola popanda magetsi ingonong'ona. Liwu lake lipangidwa ndi zinthu zitatu zolumikizana: pickup imene itola kugwedezeka kwa nsambo, ampulifaya imene ikuza zotoledwazo, ndi sipika imene izisandutsa mawu omveka. Zitatuzi ziyenera kusankhidwa pamodzi, pakuti chimodzi chikatsutsana ndi zinzake ndalama zapita pachabe.

Pickup ndi kanthu kaja kali pansi pa nsambo, kokhala ndi timitu 6 tachitsulo kapena chivundikiro chonyezimira. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zokha: maginito, ndi waya wa mkuwa wokulungidwa mozungulira monga nkhata yosenzera mtsuko. Mkuwawo ndi wa mtundu womwewo umene ukumbidwa ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, koma ausolola kufikira utawonda monga tsitsi la munthu. Pa pickup imodzi ya gitala ya Stratocaster wayayo azunguliza pafupifupi ka 8,000, ndipo mutamtambasula angapitirire kilomita imodzi. Maginito apatsira nsambo mphamvu yawo, popeza nsamboyo ndi yachitsulo. Ndipo nsambo ikagwedezeka pamwamba pa nkhata ija, m'wayamo mubadwa timagetsi tochepa tonjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Chinsinsi chimenechi anachitulukira a Michael Faraday ku London m'chaka cha 1831, asanalote n'komwe za magitala. Chifukwa chake nsambo za nailoni sizimveka pa pickup yotere, pakuti maginito sagwira nailoni.

Gitala ya magetsi yoyamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri inatuluka ku Los Angeles m'chaka cha 1932, ndipo oipanga anali a George Beauchamp ndi a Adolph Rickenbacker. Inali yoimbira pamiyendo monga aimbira ku Hawaii, ndipo anthu poona kathupi kake kozungulira ndi khosi lake lalitali anaitcha Frying Pan, ndiko kunena chiwaya. M'chaka cha 1936 kampani ya Gibson inatulutsa ES-150, imene a Charlie Christian anaonetsa nayo kuti gitala ingathe kutsogolera nyimbo pakati pa malipenga osamizidwa. Itatha nkhondo yachiwiri, a Leo Fender, amene anali mmisiri wokonza mawailesi ku Fullerton m'chigawo cha California, anapanga gitala ya thabwa logwirana imene inayamba kugulitsidwa mu 1950 natchedwa Telecaster mu 1951. Gibson inayankha ndi Les Paul mu 1952, ndipo a Fender anaonjeza Stratocaster mu 1954. Magitala ambiri amene muwaona m'masitolo lero, angakhale apangidwa ku China kapena ku Indonesia ndipo alembedwa maina ena, atsanzira atatu amenewa.

Tsono ma pickup ali m'mabanja awiri aakulu. Banja loyamba ndilo la nkhata imodzi, limene oimba amati single-coil. Ndilo lili pa Telecaster ndi pa Stratocaster. Nkhatayo ndi yopyapyala, ndipo imvetsera kachigawo kochepa ka nsambo. Chotero liwu lake ndi loyera ndi lakuthwa, ndipo nsambo iliyonse imveka payokha ngakhale woimba athamangitse zala. Koma ili ndi chilema chimodzi. Nkhata ya waya siitola nsambo yokha: itolanso kunjenjemera kwa magetsi a m'nyumba, amene kwathu kuno atembenuka ka 50 pa sekondi iliyonse. Ndicho chifukwa chake gitala yotere ing'ung'uza monga njuchi m'mphako, makamaka pafupi ndi nyali zazitali zoyera zija kapena m'holo ya mawaya akale. Woimba akatembenuka pang'ono pamene waima, phokosolo lichepa kapena likula. Amenewa si matenda a gitala yanu yokha ayi, ndi chibadwa cha banja lonselo.

Banja lachiwiri linabadwa kuti lichiritse chilema chimenechi. A Seth Lover, mmisiri wa ku Gibson, anaika nkhata ziwiri moyandikana, nazilumikiza mosemphana, natembenuzanso maginito pansi pa nkhata yachiwiri. Potero kung'ung'uza kolowa m'nkhata imodzi kuphedwa ndi kolowa m'inzake, pamene liwu la nsambo liphatikizana nilikula. Anakapempha umwini wa luso limeneli ku boma mu 1955, ndipo mu 1957 pickup yatsopanoyo inaikidwa pa Les Paul. Dzina lake ndi humbucker, ndiko kunena chokana kung'ung'uza. Komatu palibe chabwino chopanda mtengo wake. Popeza nkhata ziwiri zimvetsera chigawo chachikulu cha nsambo, mawu ena akuthwa a pamwamba atayika. Otsala ndi mawu onenepa, ofunda, okhalitsa, ndi amphamvu yokankha ampulifaya kufikira isase. Pakati pa mabanja awiriwa pali P-90 ya Gibson, ya m'chaka cha 1946. Imeneyi ili ndi nkhata imodzi, koma yotakata ndi yaifupi, yozungulizidwa pafupifupi ka 10,000. Ing'ung'uza monga abale ake, koma liwu lake lili ndi mnofu ndi ukali pang'ono.

Wogulitsa adzakuuzani za maginito ndi za ma ohms, ndipo nkwabwino kuti mumve zimene alikunena. Maginito a ma pickup akale atchedwa alnico, chifukwa apangidwa posakaniza chitsulo ndi aluminium, nickel ndi cobalt. Cobalt yambiri ya pa dziko lapansi ikumbidwa ku Katanga m'dziko la Congo, ndipo ina ituluka m'migodi ya ku Copperbelt konko kumene kwachokera kalata yathu. Alnico 2 ndi wofatsa, ndipo apatsa liwu lofewa. Alnico 5 ndi wamphamvu, ndipo liwu lake ndi lolimba ndi lowala. Palinso maginito a ceramic, otsika mtengo ndi amphamvu ndithu, amene apezeka m'magitala otchipa ndiponso m'ma pickup opangidwira nyimbo zaukali. Za ma ohms, lamulo lake ndi ili: waya akachuluka, nambala ikwera, mphamvu ikula, koma mawu akuthwa achepa. Pickup ya Stratocaster ikhala pafupi ndi 6,000 ohms, humbucker ya mtundu wakale pafupi ndi 8,000, ndipo zina zopangidwa kuyambira zaka za m'ma 1970, monga Super Distortion ya a Larry DiMarzio, zipitirira 13,000. Musayese kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino koposa. Nambalayo ingokuuzani kumene liwu lapendekera. Aliponso ma pickup ofuna batire la 9 volts, monga a EMG. Ali chete ndi amphamvu, koma batire likatha pakati pa ukwati gitala ifoka mawu, ndipo woimba wanzeru ayenda ndi lina m'thumba.

Malo amene pickup ikhala asintha liwu koposa mmene ambiri aganizira. Pafupi ndi khosi la gitala nsambo ivina motakasuka, ndipo pickup ya pamenepo ipatsa liwu lozungulira ndi lakuya, lokoma pa nyimbo zodekha. Pafupi ndi chitsulo chimene nsambo zitsamirapo, chimene oimba amati bridge, nsambo igwedezeka pang'ono ndi molimba, ndipo liwu lake ndi lowonda ndi lobaya, lopyola pakati pa ng'oma ndi besi. Stratocaster ili ndi ma pickup atatu. Poyamba switchi yake inali ndi malo atatu okha, koma oimba anazindikira kuti akaiimika pakati ma pickup awiri alira pamodzi, natulutsa liwu lina lopepuka longa la m'mphuno. Ndipo mu 1977 kampaniyo inayamba kuika switchi ya malo asanu. Chotero gitala imodzi ili ndi mawu angapo m'kati mwake, ndipo ena agula yachiwiri asanamve onse a yoyamba.

Ndiponso musanataye ndalama posintha pickup, yesani zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Choyamba, ikani nsambo zatsopano, pakuti nsambo yadzimbiri ndi yathukuta ipha liwu la pickup iliyonse. Chachiwiri, onani kutalika kwake. Dinikizani nsambo pa chitsulo chotsiriza cha pakhosi, nimuyese mpata wa pakati pa nsambo ndi mutu wa pickup. Mamilimita awiri kapena atatu ndi poyambira pabwino. Mukaikweza kwambiri maginito akoka nsambo, ndipo liwu lifa msanga niliphonya. Mukaitsitsa kwambiri lifoka. Tizitsulo ta m'mbali mwake tipotokoleni pang'onopang'ono, mulikumvetsera. Chachitatu, fupikitsani chingwe chochoka ku gitala kunka ku ampulifaya, pakuti chingwe chachitali kwambiri chimeza mawu akuthwa. Ndipo mukasinthadi pickup, muuzeni mmisiri aone kachipangizo ka voliyumu: ka 250,000 ohms kayenerana ndi nkhata imodzi, ka 500,000 kayenerana ndi humbucker.

Tsopano tifike pa ampulifaya. Achikulire akumbuka wailesi ija inafika m'maiko muno mu 1949, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, yogulidwa £5, imene inatchedwa Saucepan Special chifukwa inaoneka ngati sefuliya. Taonani, gitala inayamba ndi chiwaya, ndipo wailesi ya m'midzi yathu inayamba ndi sefuliya! M'kati mwa wailesiyo munali mavalavu anayi, timabotolo tagalasi topanda mpweya. Valavu anaitulukira a John Ambrose Fleming mu 1904, ndipo a Lee de Forest anaonjezamo kachitsulo kachitatu mu 1906, kamene pambuyo pake kanachititsa kuti ikuze mawu. Ntchito yake ifanana ndi ya mpopi wa madzi. M'katimo muli kachitsulo kotenthedwa kamene katulutsa magetsi, ndi chitsulo china chowalandira, ndipo pakati pawo pali kaukonde ka waya. Timagetsi ta gitala tifika pa kaukondeko, nititsegula ndi kutseka njira ya magetsi aakulu, monga dzanja la mwana litsegula mpopi wa thanki lalikulu. Motero kunong'ona kwa nsambo kusanduka mphamvu yogwedeza sipika.

M'chaka cha 1947 ku America anatulukira transistor, yaing'ono, yopepuka ndi yosatentha, ndipo patapita zaka mavalavu anachoka m'mawailesi. Nanga n'chifukwa ninji oimba magitala awaumirirabe? Chifukwa chake chili pa zimene zichitika ampulifaya ikafika pa malire a mphamvu yake. Ampulifaya wamba ya transistor ikhala yoyera kufikira pamalirepo, kenaka ing'ambika mwadzidzidzi ndi liwu lopweteka khutu. Ya mavalavu ilowa m'maliremo pang'onopang'ono: liwu liyamba kunenepa, kenaka lisasa mokoma monga la mlaliki amene wafika pakati pa ulaliki wake. Woimba akakodola mofatsa liwu liyera, akakodola mwamphamvu lisasa, osakhudza batani lililonse. Kumvera zala kumeneku ndiko anthu alipirira ndalama zambiri.

Mavalavu a m'ampulifaya ali a magulu awiri. Aang'ono a kutsogolo, makamaka 12AX7 imene ku Ulaya itchedwa ECC83, alandira liwu la gitala nalikonza. Amenewa akhala zaka zambiri. Aakulu a kumbuyo ndiwo akankha sipika, ndipo atha msanga: 6V6 ndi 6L6 ndiwo a ku America, EL84 ndi EL34 ndiwo a ku Ulaya. Pa iwo panamangidwa nyumba zitatu zotchuka. Ya Fender ndiyo ya liwu loyera, la besi wakuya ndi mawu owala pamwamba, pakati pali pochepa. Champ ili ndi 6V6 imodzi ndi 5 watts. Deluxe Reverb ya mu 1963 ili ndi 6V6 ziwiri ndi 22 watts. Twin Reverb ya chaka chomwecho ili ndi 6L6 zinayi, 85 watts ndi masipika awiri a mainchesi 12, ndipo siisasa msanga ngakhale muikweze kwambiri. Nyumba yachiwiri ndiyo ya Vox, ya a Tom Jennings ndi a Dick Denney ku Dartford m'dziko la England. AC30 yawo ya mu 1959, ya ma EL84 anayi, ilira ngati belu niyamba kusasa msanga. Ndiyo imene a Hank Marvin a gulu la The Shadows ndiponso The Beatles anaimbira pa mbale zawo zambiri. Yachitatu ndiyo ya a Jim Marshall a ku Hanwell mu London, imene inayamba mu 1962 ndi JTM45, nifika pa 100 watts mu 1965 chifukwa oimba onga a Pete Townshend anafuna phokoso lodzaza mabwalo aakulu. Liwu lake ndi lodzala pakati ndi laukali.

Koma musapusitsidwe ndi maina a mavalavu okha. JTM45 ija inatsanzira kwambiri mamangidwe a Fender Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, komabe ziwirizi sizilira chimodzimodzi. China mwa zifukwa zake n'chakuti Bassman inali ndi masipika anayi a mainchesi 10 m'bokosi lotseguka kumbuyo, pamene Marshall inaikidwa pa masipika a Celestion a mainchesi 12 m'bokosi lotsekeka. Bokosi lotseguka limwaza mawu m'chipinda chonse. Lotsekeka liwaponya kutsogolo ndi besi wolimba. Sipika ndiyo pakamwa pa zonse, ndipo nthawi zambiri kusintha sipika kusintha liwu koposa kusintha valavu.

Za ma watts, mverani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri ataya ndalama. Khutu la munthu siliwerenga monga sitolo iwerengera. Ampulifaya ya 100 watts siimveka kawiri kuposa ya 50, ingoposa pang'ono. Kuti phokoso limveke lowirikiza kawiri pafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Phindu la ma watts ambiri ndilo lakuti liwu likhala loyera ngakhale pa phokoso lalikulu. Koma ngati mufuna kusasa kokoma kwa mavalavu aakulu aja, ampulifaya ya 100 watts siidzakupatsani kufikira itagonthetsa aliyense m'nyumbamo, ndi inu nomwe. Yophunzirira kunyumba ikwana ya 5 watts. Ya m'tchalitchi, ya pa ukwati kapena ya m'holo yaing'ono ikwana ya 15 kufikira 40. Ndipo pa bwalo lalikulu masiku ano aika maikolofoni patsogolo pa ampulifaya yaing'ono, mawu napita ku masipika aakulu a gulu lonse. Kumbukiraninso msana wanu: Twin Reverb ilemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo ofunika kuikweza pa minibasi ndinu.

Tsono funso lenileni ndi ili: mufuna kuimba nyimbo zanji? Mverani mbale za a Franco Luambo ndi gulu lawo la OK Jazz, limene linayamba ku Léopoldville, Kinshasa wa lero, mu 1956, kapena za a Nico Kasanda, otchedwa Docteur Nico. Mumva magitala awiri kapena atatu olukana monga nsungwi za lichero, ndipo iliyonse iyenera kumveka payokha. Kuluka kotere kufuna liwu loyera, lothandizidwa ndi kubwerezabwereza kwa echo, ndipo kusasa kungakusandutse phala. N'chimodzimodzi ndi sungura ya ku Zimbabwe ya a Leonard Dembo ndi a John Chibadura, ndi ya a Nicholas Zakaria ndi a Alick Macheso amene anaimbanso nyimbo zina m'Chichewa. N'chimodzimodzinso ndi kalindula wa ku Zambia. A Joshua Dube ndi a Jonah Sithole, poimba ndi a Thomas Mapfumo kuyambira zaka za m'ma 1970, anasamutsira nyimbo za mbira pa gitala potsamiritsa chikhatho pa nsambo kuti liwu lidukeduke. Nalonso luso limeneli limveka bwino pa liwu loyera ndi louma. Woimba reggae, monga iimbidwa ku Chileka, afuna kukhapa kwakufupi ndi kwakuthwa. Onsewa athandizidwa ndi pickup ya nkhata imodzi, kapena humbucker yofatsa, ndi ampulifaya yosasasa msanga. Koma amene mtima wake uli pa Zamrock ya m'ma 1970, ya magulu onga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya a Paul Ngozi, afuna zosiyana: liwu lonenepa ndi losasa. Ameneyo humbucker imuyenera, pamodzi ndi kabokosi kopondaponda ka fuzz kamene kamveka kwambiri pa mbale zimenezo.

Tinenenso zoona za mtengo wosunga ampulifaya ya mavalavu. Galasi lisweka, ndipo misewu yathu ina si yachifundo; poyenda muiike pa chofewa, ndipo musainyamule ikali yotentha. Mafakitale aakulu a ku Britain ndi ku America anasiya kale kupanga mavalavu a mtundu umenewu. Ambiri lero achokera ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, ndipo mu 2022, itabuka nkhondo ya ku Ukraine, anasowa nakwera mtengo. Posintha mavalavu aakulu agulidwa awiriawiri ofanana, ndipo pa maampulifaya ambiri mmisiri ayenera kukonzanso muyeso wa magetsi olowamo. Chotero musanagule funsani ngati m'tauni mwanu muli mmisiri wodziwa ntchito imeneyi. Ngati mulibe, palibe manyazi kugula ya transistor. Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975, ilibe valavu ngakhale imodzi, koma itamandidwa ndi akatswiri chifukwa cha kuyera kwa liwu lake. Ndipo alipo maampulifaya atsopano a kompyuta m'kati amene atsanzira a mavalavu mofanana ndithu. Kwa wofuna liwu loyera lokhalokha, zimenezi zikwana.

Pogula, makamaka chogwiritsidwapo kale ntchito, musakopeke ndi utoto kapena dzina, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani ndi gitala yanu ndi chingwe chanu. Yatsani ampulifaya, muiyembekeze mphindi imodzi kuti itenthe, nimumvetsere isanalire: kodi ithetheka kapena ilira mluzu? Potokolani batani lililonse, mumve ngati likhwekhwereza. Imbani nyimbo zanu zomwe, pa phokoso limene mudzaimbira pa ntchito, kwa theka la ola, pakuti matenda ena aoneka chipangizo chitatentha. Onani kumbuyo kumene kwalembedwa ma volts. Magetsi athu ndi a 220 kufikira 240, koma a ku America ndi a 120. Ampulifaya yochokera kumeneko mukailowetsa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, ipsa nthawi yomweyo. Onaninso kuti ma ohms a sipika, kaya 4, 8 kapena 16, agwirizana ndi olembedwa pa ampulifaya. Ndipo ya mavalavu musaiyatse konse sipika isanalumikizidwe, pakuti potero muwotcha thiransifoma yake, chimene chili chimodzi mwa ziwalo zake zodula koposa.

Mawu otsatirawa ndi a moyo ndi imfa, ndipo ndipempha makolo amene alikumva awabwereze kwa ana awo. M'kati mwa ampulifaya ya mavalavu muyenda magetsi a 300 kufikira 500 volts, ndipo ena atsalira m'zipangizo zake ngakhale mutazula pulagi pakhoma. Wosaphunzira ntchitoyo asatsegule. Ndiponso nsambo za gitala zilumikizana ndi thupi lachitsulo la ampulifaya kudzera m'chingwe chija. Waya wachitatu wa pulagi, umene amisiri a magetsi amati earth, ndiye atengera magetsi osokera pansi. Akadulidwa, kapena wina akalowetsa mawaya awiri pakhoma ndi timitengo ta machesi, njira yotsalira magetsiwo ndi thupi la woimba. M'chaka cha 1972 a Les Harvey a gulu la Stone the Crows anafa pamaso pa anthu ku Swansea atakhudza maikolofoni yosalumikizidwa bwino, ndipo mu 1976 a Keith Relf, amene kale anali a The Yardbirds, anafa m'nyumba mwawo alikuimba gitala ya magetsi. Mukamva kunyerenyetsa pamilomo poyandikira maikolofoni, lekani kuimba pomwepo. Musaimbe opanda nsapato pa simenti yonyowa kapena pa dothi la mvula. Ndipo kumene mugwiritsa jenereta, aione munthu wodziwa musanalumikize zipangizo.

Tsono kwa inu mnzathu wa ku Kitwe, yankho lathu ndi ili. Zimene wanena mnzanuyo ndi zida zabwino ndithu, koma ndi za nyimbo zina ndi za mabwalo ena. Inu mufuna liwu la rumba pa maukwati. Funani gitala ya mtundu wa Stratocaster kapena Telecaster ya khosi lowongoka, yokhazikika bwino m'dzanja lanu, ngakhale isakhale ya dzina lalikulu. Funani ampulifaya ya 20 kufikira 40 watts yokhala ndi sipika ya mainchesi 12, yosasasa msanga. Ya mavalavu ngati muli ndi mmisiri pafupi, ya transistor ngati mulibe. Ndalama zotsala mugulire kabokosi ka echo, chingwe chabwino, nsambo zapadera, ndi pulagi ya mano atatu. Mukatero, tsekani maso m'sitolomo, mnzanu asinthesinthe zida inu osaona maina, ndipo chimene khutu lanu lisankha kawiri ndicho chanu. Zotsalazo zidzachokera ku zala zanu, ndipo zala ziphunzira ndi kuimba tsiku ndi tsiku. Mukadzagula mutilemberenso, tidzamve mmene zayendera.